Mutu 5: Nsungwi Yofumbwa

1. Nkhunda za malemu

Ku Chinamwali kunalibe munthu amene sankadziwa nkhunda za Munira. Zina zinali zoyera, zina zamawangamawanga, ndipo zinkagona m'khola la malata akale kuseri kwa nyumba ya amalume ake, a Saiti. Nkhundazo anamusiyira ndi mayi ake pomwalira. Ena amasiyira ana awo nyumba kapena munda, koma mayi a Munira analibe zonsezo. Anasiya nkhunda basi, ndipo mtsikanayo ankazisamala kuposa tsitsi lake lomwe.

A Saiti anali mmisiri wa mauta. Sitikunena mauta a mtengo umodzi amene anyamata amapinda kumunda pothamangitsa anyani ayi. Iwo ankamata timatabwa titatu topyapyala ta mitengo yosiyana, n'kutulutsa uta umodzi wamphamvu. Luso limeneli analiphunzira ali mnyamata kwa mlendo wina amene ankagwira ntchito ya zankhalango pa phiri la Zomba.

Tsopano ukalamba unali utawapeza. Diso lawo lamanzere linachita ng'ala kalekale, ndipo maondo sankawalolanso kukwera phiri. Choncho ntchito yosankha mitengo inagwera Munira, yemwe anali mu Folomu 2. Kunena zoona, mtsikanayu anali ndi diso la ntchitoyo.

Pasukulu pawo panali kalabu ya masewera a uta ndi mivi. Katswiri wa kalabuyo anali Prosper, mwana wa a Dunstan, bambo wogwira ntchito m'boma. Prosper anali ndi dzanja labwino, koma matama ndiwo anamudzadza mpaka m'khosi.

Loweruka lina Munira ali kumsika, Prosper ndi anzake anadutsa kuseri kwa nyumba ya a Saiti, uta uli paphewa. Anaona nkhunda zikutolatola madeya pabwalo.

"Kulasa chikatoni chosayenda kwanditopetsa," anatero Prosper. "Tiyeni tione zouluka."

Munira pobwera anangopeza nthenga zili mbwee. Nkhunda zimene zinapulumuka zinathawa, osabweranso. Ana apafupi anamuuza zonse, mpaka malo amene anyamatawo anakaziwotchera.

Anapita kwa a Dunstan misozi ili m'masaya. Bamboyo anamumvera ali chiimire pakhonde, kenaka anati, "Mbalame zimenezo n'zimene walirira chonchi? Anyamata amatero, mwanawe. Pita kwanu."

Prosper anasuzumira pawindo. "Zinali zonona, Munira. Umadziwa kudyetsa!"

Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti uta umene unapha nkhundazo unali wochokera m'chisakasa cha amalume ake, ndipo mitengo yake anaisankha ndi iye mwini. Anabwerera kwawo osaliranso. "Ameneyu andidziwa," anatero polowa pakhomo.

2. Chenjezo la a Saiti

Patapita miyezi, Prosper anaiwala uta wake panja mvula ikugwa, ndipo guluu anamatuka. Mpikisano wa masukulu unali pafupi. A Dunstan anabwera kwa a Saiti m'maso muli gwa, kudzaitanitsa uta wina wolimba kuposa woyamba uja.

"Amalume, mukanakana," anatero Munira alendowo atachoka.

"Nkhani ya nkhunda ndinakaikamba kwa bambo ake, sinayende bwino, ndikudziwa," anayankha a Saiti. "Koma ndikayamba kupangira mauta anthu okhawo amene sanandilakwirepo, ndiye kuti chisakasa chino titseke lero. Loweruka ukwere phiri kwa a Maliya. Muwanga tili nawo kale, ukatenge mabulosi ndi nsungwi. Khala apo ndikukumbutse."

Munira anakhala pa chitsa, nkhope ili ndwii.

"Tamvera, mwanangu, ndibwereze ngakhale unamva kale. Uta uli ndi msana, uli ndi pakati, uli ndi mimba. Kumsana, mbali yoyang'ana kumene muvi ukupita, kumafuna mtengo wolola kukokedwa osaduka. Imeneyo ndi nsungwi. Pakati timaika mabulosi, chifukwa ndi opepuka, ndipo akapindika amabwerera. Kumimba, mbali yoyang'ana iwe wokoka, kumafuna mtengo wopirira kupanikizidwa, ndiye timaika muwanga. Paini wadzaza phirimo usamuyang'ane n'komwe, ndi wofewa. Bulugamu amapotoka akamauma. M'bawa ndi wokongola, eetu, koma kukongolako n'kwa pachigwiriro basi. Ukamupinda amathyoka ngati chinangwa chouma.

"Koma pa zonsezi, chimene uyenera kuopa ndi nsungwi. Muwanga ukalakwika, uta umangofooka, n'kumaponya pafupi. Mabulosi akalakwika, uta umakhota. Koma nsungwi ikalakwika, uta suchenjeza. Umathyoka kamodzi n'kamodzi munthu atakoka mpaka patsaya, ndipo chidutswa chakumwamba chimabwerera kumaso. Ine ndinaona mlenje wina wa ku Songani zitamuchitikira. Mpaka tsiku la imfa yake ankayenda ndi kansalu padiso.

"Ndiye usatenge nsungwi yanthete. Madzi ake ndi otsekemera, anankafumbwe amaikonda. Tenga yokhwima, yotuwa, yomera pamtunda osati m'mbali mwa mtsinje. Uigogode ndi mpeni, imveke kulira, osati kugunda ngati dzungu. Ukaona kabowo ngakhale kamodzi, kakang'ono ngati koboola ndi singano, kapena ufa ukugwa, itaye. Kunja kabowo ndi kamodzi, koma m'kati tizilomboto tinamaliza kale ntchito.

"Chomaliza ndi ichi. Munthu wokwiya sasankha mtengo. Ngati mtima wako sunaphole, nena, tidikire."

"Unaphola kale, amalume," anayankha Munira, koma linali bodza.

Mawu abwinowa anagwera m'makutu olakwika. A Saiti ankaganiza kuti akutseka njira ya ngozi, osadziwa kuti akumulozera mwanayo njirayo. Pa zonse zimene anamva, Munira anasunga chinthu chimodzi: uta wa nsungwi yofumbwa umamenya diso la woukoka. Ndipo iye ankafuna diso la Prosper, diso lomwelo lakumanja limene linkalunjika mivi.

3. Kwa a Maliya

Loweruka m'mawa anayamba ulendo wa kuphiri. Anapatukira amayi otsika chothamanga ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ndi abambo ogwira mabuleki a njinga zosenza mapaini. Anadutsa ogulitsa ziboliboli ndi zipatso m'mbali mwa msewu, osayankha ngakhale moni wawo. Kenaka anakhotera kanjira kopita kwa a Maliya.

A Maliya anali mayi wamasiye wokhala m'chitsikireko cha phiri. Anali ndi nsungwi ndi mitengo ya mabulosi m'munda mwawo, ndipo zodulidwa ankaziumitsa kudenga la khitchini, kumene utsi unkazipitirira chaka chonse.

Munira anayamba ndi mabulosi. Anasankha nthambi yowongoka, yopanda mfundo, ya mizere yoyenda kuchokera kunsonga kukafika kunsonga osapatuka. Kenaka anatsitsa nsungwi, n'kumazigogoda imodziimodzi. Anapeza ina yokhwima bwino, yolira momveka. A Saiti akanaimva akanaseka ndi chimwemwe.

Koma maso ake anali pa mulu wina umene unali panja, pafupi ndi nkhuni. Anapitako n'kutembenuza nsungwi zingapo. Imodzi inali yosalala ndi yowongoka, yooneka bwino kuposa ija yabwino. Pafupi ndi mfundo yake panali timabowo ting'onoting'ono. Ataigwedeza, kaufa koyera kanagwera pachala chake.

"Iyo isiye, mwanawe, ndi ya pamoto," anatero a Maliya. "Anadula ndi mdzukulu wanga nthawi ya mvula ine kulibe, ikadali yanthete. Usaone kusalalako. Ine nsungwi yotero sindipangira ngakhale mtanda wa khola la nkhuku, chifukwa imakugwetsera denga tsiku limene sukuyembekeza. Amalume ako amandikhulupirira zaka zonsezi chifukwa sindinawapatsepo chinthu chowola. Usandichititse manyazi ine."

"Si ya uta, agogo. Ndikufuna ndikakonzere khola la nkhunda."

"Oo, nkhunda za malemu mayi ako zija? Zikuswana?"

Nkhani inali isanafike kuphiriko. "Zikuswana," anatero Munira.

Anatsika phiri ndi nsungwi ziwiri paphewa, yabwino ndi yoipa. Mpaka pamenepo anali asanalakwe chilichonse, ndipo mawu a a Maliya ankamulemera. Mwina akanafika kunyumba n'kuponya yofumbwayo pamoto.

Koma pa kamlatho kena, tauni ikuonekera kale m'munsi, anakumana ndi Prosper ndi anzake akukankha njinga kukwera phiri. Prosper atamuona anatupitsa khosi, n'kuyamba kulira ngati nkhunda.

"Kukuu! Kukuu! Bwanji Munira, unagula zina? Ndiwo zatithera!"

Anzakewo anaseka mpaka kugwetsa njinga. Munira anadikira kuti akhote, kenaka anatsitsa katundu wake. Anatenga nsungwi yabwino ija n'kuiponya kuphompho, ndipo anaimvera ikugubuduzika mpaka m'madzi.

4. Ntchito yokongola

Anthu amati mkwiyo umapupuluma, koma mkwiyo wosungidwa ndi wofatsa zedi. Munira anali asanagwirepo ntchito yosamala ngati imene anagwira pa uta wa Prosper.

Anang'amba nsungwiyo amalume ake ali ku mzikiti. Anasungunula phula la njuchi, n'kulisakaniza ndi utuchi, n'kumata timabowo tija. Pamwamba anapakapo fumbi mpaka panafanana ndi pena ponse. Mbali ya m'kati, imene tizilombo tinakumba tinjira, anaiyang'anitsa kumene kukapakidwe guluu.

A Saiti atabwera anainyamula, n'kuiyang'ana ndi diso lawo limodzi lija mumdima wa m'chisakasa.

"Unaigogoda?"

"Ndinaigogoda, amalume."

"Basi, ngati wagogoda iwe, ine ndigogodenso chiyani?" Anaibweza osaiyesa n'komwe.

Anaphika guluu wa zikopa m'chitini, n'kumata timatabwa titatu tija, nsungwi, mabulosi ndi muwanga. Anatimanga zolimba ndi mphira za chubu cha njinga, n'kutisiya kuti tiume. Titauma, Munira anaupala utawo ndi chidutswa cha botolo, akuupinda pang'onopang'ono, osapyola pamene ankadziwa kuti mpoopsa. Pachigwiriro anaikapo m'bawa wopukutidwa mpaka kunyezimira. Oyandikana nawo nyumba ankabwera kudzangouona.

Panali lamulo limodzi m'chisakasa cha a Saiti: uta suchoka pakhomo wopanga asanaukoke pamaso pa mwiniwake. Kuyambira pamene phewa la a Saiti linayamba kuvuta, wokoka anali Munira. Zimenezinso anali ataziganizira. Iye adzakoka pang'ono, mofatsa, n'kuupereka. Prosper ndi matama ake ankakoka mpaka kupyola khutu, makamaka atsikana akamaonerera. Utawo udzamuthyokera pa mpikisano, masukulu onse akuona.

5. Tsiku lopereka uta

Linali Lachisanu masana pamene galimoto ya a Dunstan inaima pamsewu. Bambo ndi mwana analowa pabwalo. Prosper ataona utawo anaiwala zonyoza, pakamwa pali yasa.

Munira anamanga nsinga, n'kuimirira kuti akoke.

"Taimani kaye," anatero a Dunstan. "Ndamva kuti masiku ano mitengo akusankha ndi mtsikanayu. Tsopano kuyesanso ayese yemweyu? Timanja timeneto tikoka chiyani? Komanso paja mwanayu ali ndi chakukhosi ndi mwana wanga. Ine ndingakhulupirire bwanji?"

Bamboyu anali wamwano, ndipo pabwalopo panalibe amene ankamukonda. Koma tsiku limenelo, mwa anthu onse, ndiye amene ananena zoona.

A Saiti anadzuka pa mpando. "Achimwene, mwalowa pakhomo panga, ndakulandirani. Mwana wanu anapha nkhunda za mwana wamasiyeyu, simunapepese, ine ndinangokhala chete. Ndinamuuza kuti akwere phiri kukasankhira mitengo munthu amene anamulakwira, iye anakwera osadandaula. Wagwira ntchito imeneyi ndi manja ake, inu mukuiona. Lero mukuti ndi wachiwembu? Mwana ameneyu ndamulera ine. Sananamizepo munthu pa ntchito. Mtengo umene wasankha Munira ine ndingaukoke popanda kuuyang'ana. Patse kuno uta, mwanangu."

Munira anaugwiritsitsa. "Amalume, phewa lanu lija."

"Phewa lipola. Dzina lako likaipa silipola msanga. Patse."

"Ndikoka ndine, amalume, ndikoka mpaka patsaya."

"Ndati patse!"

Anaulanda m'manja mwake. Nthawi inalipo yoti Munira afuule kuti nsungwiyo ndi yofumbwa. A Saiti anachedwa kuponda bwino, anachedwa kukonza chisoti chawo, anachedwa kukweza mkono. Mawu anali pakamwa penipeni. Koma Prosper anali pomwepo akumuyang'ana, ndipo a Dunstan anali atapinda manja pachifuwa. Kuulula kukanatanthauza kuti adani ake apambana kachiwiri. Anadzinamiza kuti nkhalamba ya phewa lopweteka singakoke patali.

Analakwitsa. Munthu amene akuteteza mwana wake amapeza mphamvu zimene analibe. A Saiti anakoka kufika pachigongono, anapitirira, nsinga inafika pachibwano, kenaka patsaya.

"Mwaona?" anatero, akutembenuzira nkhope kwa a Dunstan.

Phwaa! Utawo unathyoka pa mfundo ija. Chidutswa chakumwamba chinabwerera ngati chikoti, n'kuwamenya pa diso lakumanja, diso lokhalo limene linkaona. A Saiti anagwada pansi atagwira kumaso, magazi ali chuchuchu pakati pa zala.

Munira anangoti kakasi. Amene anathamanga anali Prosper. Anavula malaya ake oyera a sukulu, n'kuwapinda, n'kutsekera pabalapo.

"Adadi, galimoto! Fulumirani!" anakuwa. "Munira, gwira mkono uwo, usangoima!"

Anawanyamula awiriwo, wina uku wina uku, mpaka kumsewu.

6. Zala za mmisiri

Kuchipatala anawasoka chikope, n'kuwakulunga bandeji kuzungulira mutu. Dokotala anauza Munira kuti za disolo sanganene kanthu mpaka kutupa kutachepa. Sanalonjeze chilichonse, ndipo nkhope yake sinali yolimbikitsa.

Dzuwa litapendeka, Munira anali atakhala pambali pa bedi, akulira mosatulutsa mawu. Chimene ankafuna chinachitika ndendende, uta unathyoka ndipo diso linamenyedwa. Koma mumtima mwake munalibe kukoma kulikonse, munali mantha ndi chisoni chokhachokha.

A Saiti anapapasa mpaka anapeza dzanja lake.

"Usalire, mwanangu. Sindikukuona, koma ndikumva bedi likugwedezeka. Iwe sunalakwe. Mwina ine ndi amene sindinaphike bwino guluu, ukalambawu. Chikundiwawa n'chakuti bambo uja apita akunena kuti ananena zoona za iwe. Zimenezo sindilola. Mawa undibweretsere zidutswa za utawo. Maso alibe ntchito pamenepa, zala zangazi zindiuza pamene panayambira, ndipo ndikamuuza ndekha kuti wolakwa ndine."

"Chabwino, amalume," anatero Munira. Anaganiza zothamangira ku Chinamwali nthawi yomweyo, kuti zidutswazo zikalowe pamoto dzuwa lisanalowe.

Anali atangoimirira pamene Prosper analowa m'chipindamo. Anali atavala malaya ena, maso ali ofiira. M'khwapa anali atapanira chinthu chokulungidwa m'thumba la simenti.

"A Saiti, ndine Prosper," anatero motsitsa mawu. "Pepani kwambiri. Uta umene uja ndikanakoka ine, mwavulala m'malo mwanga. Ndinabwerera kunyumba kwanu kukatseka chisakasa, ndiye ndatola zidutswa zonse kuopa kuti ana angaseweretse. Sindinadziwe koziika."

"Wachita bwino, mnyamata. Bwera nazo kuno."

"Amalume, mupume kaye," anatero Munira. "Mwati mawa."

"Zabwera zokha lero. Ndigonanso bwanji zili pompano?"

Prosper anamasula thumbalo n'kuika zidutswa pa bulangeti. A Saiti anayamba ndi muwanga, anausisita, n'kuuika pambali. Anakanda guluu ndi chikhadabo. "Guluu ali bwino," anatero modabwa. Kenaka anatenga nsungwi.

Zala zawo zinatsika pang'onopang'ono kuchokera kunsonga. Zitafika pa mfundo zinaima. Anafikisa pothyokapo, ndipo ufa woyera unagwera pa bulangeti. Anakanda pambali pake, chikhadabo chinatola kanthu kofewa. Anakafikitsa pamphuno n'kununkhiza: linali fungo la phula la njuchi.

A Saiti anakhala nthawi yaitali chala chili pamphuno.

"Chavuta n'chiyani, a Saiti?" anafunsa Prosper. "Mwapeza chiyani?"

Nkhalambayo inatseka chidutswacho m'manja kuti mnyamatayo asachione.

"Prosper, tatuluka pang'ono, mwana wanga," inatero ndi mawu osasa. "Munira, iwe usachoke. Khala pano pomwe ndingakugwire dzanja."